Mboni ya pamkono imachitira umboni kwa yani?

Usiku wina ndinadzuka kuti ndikamwe madzi, ndipo mumdimamo ndinaona kakuwala kobiriwira kakuphethira pansi pa wotchi yomwe ndinagona nayo pamkono. Ndinali nditaivala zaka zingapo, koma ndinali ndisanaionepo ikugwira ntchito ine osaifunsa kanthu. Kuwalako kumalowa pakhungu, magazi amamwako pang'ono, ndipo popeza mtima ukagunda magazi amadzaza m'mitsempha ya pamkono, kuwala komwe kumabwerera ku wotchi kumachepa ndi kuchuluka motsatira kugundako. Umo ndi momwe kachipangizo kopepuka ngati bokosi la machesi kamawerengera mtima wa munthu usiku wonse. Kutacha wotchiyo inandiuza kuti ndinagona maola 6 ndi mphindi 12, ndiponso kuti ndinadzuka kawiri. Kudzuka kokamwa madzi ndinkakukumbukira, koma kwinako ayi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndavala mboni, ndipo mboni yake ndi yodziwa zinthu zomwe mwini thupi waiwala.

Zipangizo zamakono zovala pathupi sizilinso za anthu othamanga okha. Lero zikubwera ngati wotchi, mphete, magalasi, zomvera m'khutu ndi tizigamba tomata pakhungu, ndipo anthu akulipira nazo katundu, kuyankha mafoni, kutsegula zitseko za kuntchito, kuyang'anira ana ndi kuyeza matenda. Ulendo wake ndi wautali ndithu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Norman Holter wa ku America atapanga chipangizo choyeza mtima wa munthu amene akuyenda, chinali cholemera makilogalamu pafupifupi 38 ndipo ankachita kuchibereka kumsana. Kampani ya Fitbit inayamba mu 2007 ndipo inatulutsa kachipangizo kake koyamba kowerenga masitepe mu 2009. Apple Watch inalowa pamsika mu 2015. Zomwe kale zinkafuna chipinda cha kuchipatala, namwino ndi mawaya, lero zikukwana pachala.

Ine sinditsutsana ndi zipangizozi, ndipo yanga ndikuivalabe. Koma ndikuona kuti ambiri tikamagula timafunsa mafunso osathandiza kwenikweni, monga akuti batire limakhala masiku angati kapena ngati chingalowe m'madzi. Funso lofunika timalisiya, lakuti kodi zomwe chipangizochi chikuona pathupi panga chikukauza yani, ndipo kodi ndikhoza kuchivula tsiku lomwe ndafuna popanda kulangidwa. Chipangizo chimodzimodzicho chimakhala mthandizi pamene wochiwerenga ndi mwini thupi pamodzi ndi dokotala wake, ndipo chimasanduka kapitawo pamene wochiwerenga ndi abwana kapena kampani ya inshuwalansi.

Ubwino wake ndinauona ndi maso pa amalume anga, omwe akhala ndi matenda a shuga kwa zaka zambiri. Nsonga za zala zawo zinali zitachita zipsera chifukwa chodzibaya kangapo patsiku kuti ayeze magazi, ndipo masiku ena ankangoti, "Lero ayi, mphwanga, zala zatopa." Atayamba kuvala kachigamba kozungulira kumbuyo kwa mkono, komwe kali ndi kaulusi kolowa pang'ono pansi pa khungu, zinthu zinasintha. Kachigambako kamayeza shuga m'madzi a m'thupi usana ndi usiku, ndipo mtundu wa FreeStyle Libre, womwe kampani ya Abbott inayamba kugulitsa ku Ulaya mu 2014, umakhala pathupi masiku 14 usanasinthidwe. Chomwe chinawathandiza kwambiri si kusiya kudzibaya kokha, koma kuona kwa nthawi yoyamba kuti shuga wawo ankatsika kwambiri mbandakucha iwo ali mtulo, nthawi yomwe palibe munthu amadzuka kuti ayeze. Anatenga mzere wokwera ndi kutsikawo n'kukauonetsa kwa dokotala, ndipo dokotala anasintha nthawi ya mankhwala. Apa zonse zili m'malo mwake: pali funso lenileni, pali munthu amene akufuna yankho, ndipo pali katswiri wodziwa chochita nalo yankholo.

Zilipo ntchito zina za mtundu womwewu zomwe sindingazinyoze. Kuyambira mu 2018 mawotchi ena amatha kuzindikira kuti munthu wagwa mwamphamvu ndipo sakugwedezeka, n'kuimba okha foni yopempha thandizo, zomwe kwa nkhalamba yokhala yokha zikhoza kupulumutsa moyo. Mu 2024 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linavomereza kuti zomvera m'khutu za AirPods Pro 2 zizigwira ntchito yothandiza anthu omwe samva bwino pang'ono. Ambiri amene ankachita manyazi kuvala chothandizira kumva sachita manyazi ndi chinthu chomwe achinyamata onse avala.

Pa nkhani ya mtima, zinthu sizophweka chotero. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe sukulu ya ukachenjede ya Stanford inachita pamodzi ndi Apple, wokhudza anthu oposa 419,000. Mwa anthu onsewa, pafupifupi mmodzi pa 200 aliwonse analandira chenjezo lakuti mtima wawo ukugunda mosalongosoka. Mwa ochenjezedwa amene pambuyo pake anavala chipangizo chachipatala chotsimikizira n'kuchibweza, 34 pa 100 aliwonse anapezekadi ndi vutolo. Otsatsa malonda amawerenga zimenezi ngati chipambano, ndipo akunena zoona pang'ono, chifukwa vuto la kagundidwe ka mtima lotere likhoza kubweretsa sitiroko munthu asakudziwa kuti ali nalo. Komanso popeza vutoli limabwera ndi kupita, sitinganene kuti otsalawo wotchi inawanamiza onse. Komabe chenjezo lililonse limatumiza munthu wamantha kukaima pamzere wa kuchipatala, ndipo ambiri mwa ogula mawotchiwa ndi achinyamata ndi azaka zapakati omwe chiopsezo chawo n'chochepa, pomwe okalamba, amene vutoli limawagwira kwambiri, anali ochepa m'kafukufukuyo. Chipangizo chimafika kwa amene ali ndi ndalama yochigulira, osati kwa amene akuchifuna koposa.

Tsono tibwere pa nambala yomwe yalamulira miyendo ya anthu padziko lonse, ya masitepe 10,000 patsiku. Ambiri amaganiza kuti inachokera kwa madokotala. Inachokera ku malonda: mu 1965, chaka chimodzi chitachitika mpikisano wa Olympics wa ku Tokyo, kampani ina ya ku Japan inagulitsa kachipangizo kowerenga masitepe kotchedwa manpo-kei, dzina lotanthauza choyezera masitepe 10,000. Nambalayo inali yosavuta kuikumbukira, basi. Mu 2019 ofufuza a ku Harvard, motsogozedwa ndi I-Min Lee, atatsatira amayi achikulire oposa 16,000, anapeza kuti amene ankayenda masitepe pafupifupi 4,400 patsiku anali kale ndi mwayi wokhala ndi moyo wautali kuposa oyenda 2,700, ndipo phindulo linasiya kukwera pa masitepe pafupifupi 7,500. Kuyenda n'kwabwino, palibe akukana. Koma ine ndemwe ndinadzipezapo ndikuzungulira tebulo usiku kuti wotchi indiyamikire, ndipo ndikakumbukira ndimadziseka, chifukwa ndinkamvera lamulo lomwe anakhazikitsa ndi wogulitsa katundu zaka 60 zapitazo.

Ngakhale pa kuchepetsa thupi, komwe ambiri amagulira zipangizozi, umboni sukondweretsa ogulitsa. Kafukufuku wa ku sukulu ya ukachenjede ya Pittsburgh, yemwe anatuluka mu 2016, anatsatira anthu oposa 400 kwa zaka ziwiri, ndipo amene anapatsidwa chipangizo chovala anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 3.5, pomwe anzawo opanda chipangizo anatsika ndi pafupifupi 5.9. Pa tulo napo pali zodabwitsa. Mu 2017 akatswiri a tulo ku America anapeka mawu akuti orthosomnia pofotokoza odwala amene ankasowa tulo chifukwa chodera nkhawa malikisi a tulo omwe chipangizo chinkawapatsa. Munthu amadzuka ali bwinobwino, n'kuyang'ana pamkono, wotchi n'kumuuza kuti sanagone bwino, ndiye tsiku lonse n'kumayenda ali lefu. Thupi lanena zina, nambala yanena zina, ndipo iye wakhulupirira nambala.

Kukhulupirira kumeneku kuli ndi ngozi ina yomwe sitiikamba mokwanira. Zipangizo zambiri zimayeza ndi kuwala kodutsa pakhungu, ndipo khungu la anthu silifanana. Mu Disembala 2020 madokotala a ku sukulu ya ukachenjede ya Michigan anaonetsa kuti tizipangizo ta kuchipatala topana chala poyeza mpweya wa okosijeni m'magazi tinkalephera kuzindikira kuchepa kwa mpweyawo mwa odwala akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Ngati izi zinachitika ndi zipangizo zachipatala zomwe zakhala zikugwira ntchito kwa zaka makumi angapo, munthu wakhungu lakuda ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti wotchi ya m'sitolo anaiyesera pa mikono ya anthu otani. Nambala ikaoneka pagalasi imaoneka yotsimikizika, ilibe chibwibwi, ndipo siinena kuti ikungoyerekeza.

Zonsezi ndi zolakwa za kayezedwe, ndipo akatswiri akhoza kuzikonza m'kupita kwa nthawi. Chomwe sichingakonzedwe ndi luso ndi nkhani ya amene akumva umboniwo. Mu Januwale 2018 mnyamata wina wa ku Australia wophunzira pa yunivesite, Nathan Ruser, anayang'anitsitsa mapu omwe kampani ya Strava inatulutsa oonetsa njira zomwe anthu amathamangamo padziko lonse. Pakati pa zipululu za ku Syria ndi mapiri a ku Afghanistan, komwe kunayenera kukhala mdima, anaona timizere towala tozungulira: asilikali ankathamanga m'mphepete mwa misasa yawo atavala zipangizo, ndipo mapazi awo anajambula malo omwe maboma ankawabisa. Palibe msilikali amene anaulula chinsinsi mwadala. Aliyense ankangofuna kudziwa kuti wathamanga mtunda wotani. Ku Connecticut, m'dziko la America, mayi wina anaphedwa m'nyumba mwake mu 2015, ndipo Fitbit yomwe anavala inaonetsa kuti ankayendabe pa nthawi yomwe mwamuna wake ananena kuti anali atawomberedwa kale ndi wachifwamba. Bwalo la milandu linapeza mwamunayo wolakwa mu 2022. Pamenepo mboni ya pathupi inathandiza chilungamo, ndipo tonse tikhoza kukondwera. Koma mlandu womwewo ukutiphunzitsa kuti zomwe chipangizo chalemba sizitha, zimasungidwa kwinakwake, ndipo zikhoza kuitanidwa kubwalo pa milandu ina yomwe sitingaikonde, monga ya kutha kwa banja, ya kuntchito kapena yokanirana chipukuta misozi.

Makampani akuluakulu amadziwa mtengo wa zolembedwazi. Google itagula Fitbit ndi madola pafupifupi 2.1 biliyoni, mgwirizano womwe unamalizidwa mu Januwale 2021, akuluakulu a European Union anavomereza pokhapokha kampaniyo italonjeza kuti kwa zaka 10 sidzagwiritsa ntchito zokhudza thanzi la anthu a kumeneko potsatsa malonda. Lonjezo lotere silikanafunika chikhala kuti panalibe chokopa. Ndipo tionenso kuti lili ndi malire a zaka ndi a dera. Ku America lamulo loteteza zinsinsi za odwala, la HIPAA, limamanga zipatala ndi a inshuwalansi ya zaumoyo, koma kawirikawiri silifika pa zomwe wotchi yogula wekha yatolera. Kugunda kwa mtima komweko kukayezedwa ndi namwino n'chinsinsi chotetezedwa, kukayezedwa ndi wotchi n'katundu wa kampani malinga ndi mgwirizano wautali womwe tonse timavomereza osauwerenga.

Pomwe ndikuda nkhawa kwambiri ndi pamene kuvala kukusiya kukhala kufuna kwa munthu. Mu 2018 kampani ya inshuwalansi ya moyo ya John Hancock inalengeza kuti mapangano ake onse atsopano a inshuwalansi azibwera ndi pulogalamu ya Vitality, yomwe inayambira ku kampani ya Discovery ya ku South Africa, momwe kasitomala amalandira mphotho ndi kutsitsiridwa mtengo akamaonetsa kuti akuchita masewera olimbitsa thupi. Amati palibe wokakamizidwa, ndipo pamapepala ndi zoona. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: ngati wovala akulipira zochepa, ndiye kuti wosavala akulipira zambiri, ndipo kusunga chinsinsi cha thupi lako kwasanduka chinthu chogula. Tsono ndani amalephera kukwanitsa masitepewo? Ndi wodwala nyamakazi, wolumala, mayi amene wangobereka kumene, ndi woyendetsa galimoto amene amakhala pampando maola khumi kuti adyetse ana ake. Inshuwalansi inakhazikitsidwa kuti athanzi ndi odwala asenzerane katundu, koma chipangizo chikayamba kusankha mmodzimmodzi, mzimu wosenzerana uja umatha.

Kuntchito nako mphepo ikuwombera komweko. Aphunzitsi a ku West Virginia atanyanyala ntchito mu 2018, chimodzi mwa zodandaula zawo chinali pulogalamu ya zaumoyo yomwe inkafuna kuti azipeza mapointi, kuphatikizapo a masitepe, apo ayi alipire ndalama zoonjezera pa inshuwalansi yawo, ndipo pulogalamuyo inachotsedwa. Chaka chomwecho Amazon inapatsidwa umwini wa luso la chibangili chotha kutsatira komwe dzanja la wogwira ntchito m'nyumba yosungira katundu lili, n'kumunjenjemeretsa akalozera polakwika. Kukhala ndi umwini wa luso sikutanthauza kuti kampani yaligwiritsa ntchito, koma kumaonetsa komwe maganizo akulowera. Wantchito amene abwana amuuza kuti "valani aka, n'kokuthandizani" sangayankhe momasuka, chifukwa amene akupempha ndi yemweyo amene amasaina malipiro.

Ena amati zonsezi n'kuopa chithunzithunzi, popeza foni ya m'thumba imadziwa kale zambiri za ife. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma ikuphonya kusiyana kwakukulu. Foni imadziwa komwe ndinapita ndi amene ndinalankhula naye, ndipo ndikhoza kuisiya patebulo. Chovala pathupi chimadziwa momwe mtima wanga unathamangira nditakumana ndi munthuyo, nthawi yomwe ndinagona, ndi usiku womwe sindinagone. Mawotchi ndi mphete zina tsopano zimayeza kutentha kwa khungu usiku pofuna kuthandiza amayi kutsatira masiku awo a kumwezi, kutanthauza kuti chipangizo chikhoza kuona zizindikiro za pathupi mayi asanauze ngakhale mwamuna wake. Zinthu zotere si za mtundu umodzi ndi mndandanda wa masamba a pa intaneti omwe munthu watsegula. Nambala yachinsinsi ikabedwa umaisintha, koma mbiri ya mtima wako sungaisinthe.

Palinso anthu amene sanagule kanthu koma akukhudzidwa. Google Glass, magalasi okhala ndi kamera omwe anatuluka mu 2013 pamtengo wa madola 1,500, analephera mwa zina chifukwa anthu ankanyansidwa kukhala pafupi ndi munthu amene mwina akuwajambula, ndipo malo ena odyera ndi omwera anawaletsa. Magalasi a Ray-Ban Meta a masiku ano amaoneka ngati magalasi wamba, kupatula kanyali kakang'ono koyaka pojambula komwe masana n'kovuta kukaona. Mu 2024 ophunzira awiri a ku Harvard anaonetsa kuti atalumikiza magalasi otere ndi mapulogalamu ozindikira nkhope, ankatha kudziwa dzina ndi zambiri za munthu wosamudziwa amene angokumana naye panjira. Wovala anavomera mgwirizano wa kampani, koma wodutsa m'njira sanafunsidwe ndi aliyense. Ngakhale pa ana, dziko la Germany linaletsa mu 2017 kugulitsa mawotchi a ana okhala ndi njira yomvetsera mobisa, ataona kuti makolo ena ankawagwiritsa ntchito pomvetsera aphunzitsi m'kalasi. Chikondi cha kholo n'chenicheni, koma mwana amene wakula akudziwa kuti pamkono pake pali khutu la wina amaphunzira kuti kuyang'aniridwa ndiwo moyo.

N'chifukwa chake ndikuti malamulo asamangoyang'ana ngati chipangizo chikuyeza molondola. Ayenera kunena poyera kuti olemba ntchito asaone zochokera m'thupi la wantchito kupatula pa ntchito zoopsa zomwe chitetezo chikufunadi kutero, monga kuyeza mpweya woipa m'migodi kapena kutopa kwa oyendetsa makina akuluakulu, ndipo ngakhale pamenepo zithere pachipata potuluka. Kukana kuvala kusakhale ndi chilango, kaya chobwera poyera kaya chobisala m'dzina la mphotho ya anzako. Ndipo munthu akati zolembedwa zake zifufutidwe, zifufutidwedi, kuphatikizapo zomwe zinaperekedwa kale ku makampani ena. Lamulo la ku Ulaya la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, linayesako poika zokhudza thanzi m'gulu lotetezedwa mwapadera ndi kupatsa anthu ufulu wofufutitsa, koma anthu ambiri padziko amavala zipangizo zomwezo popanda chitetezo chotere. Sindikhulupirira kuti makampani adzadziletsa okha, chifukwa phindu lawo lagona pa kudziwa zambiri.

Amalume anga akuvalabe kachigamba kawo, ndipo ndikanakhala woyamba kukangana ndi aliyense wofuna kuwalanda. Ine nditatha kuganizira za kakuwala kobiriwira kaja, ndinatsegula foni n'kufufuza kuti ndi mapulogalamu angati omwe ndinawalola kuwerenga zochokera ku wotchi yanga. Anali anayi. Imodzi inali ya mpikisano wa masitepe womwe anzanga anandikokeramo zaka ziwiri zapitazo, womwe ndinausiya patangotha mwezi umodzi, koma chilolezo chake chinali chikadali chotsegula ndipo inkalandira kugunda kwa mtima wanga ndi maola anga a tulo tsiku lililonse. Ndinachitseka pomwepo. Za zomwe inatenga pa zaka ziwirizo ndinalembera kampaniyo kalata yopempha kuti izifufute, ndipo inandiyankha ndi uthenga wongodzilemba wokha wondithokoza chifukwa chokhala mmodzi wa banja lawo.